Chilumba Chimene Nyanja Imatseka Kawiri pa Tsiku

Ife amene tidakulira m'mbali mwa nyanja ya Malawi timadziwa kuti madzi amakwera dzinja, n'kuphwa chilimwe. Nditapita ku Newcastle kukachita maphunziro a zantchito, ndidakaona nyanja yamchere imene imadzaza ndi kuphwa kawiri tsiku lililonse. Ndidaiona pa chilumba cha Lindisfarne, chimenenso amachitcha Holy Island, kumpoto chakum'mawa kwa England. Madzi akaphwa, galimoto zimawoloka pamsewu wa tala umene udatsegulidwa m'chaka cha 1954. Akadzaza, msewuwo umamira wonse.

Poyambira msewu pali chikwangwani cholembedwa nthawi zoyenera kuwoloka. Komabe chaka chilichonse ena amanyozera, galimoto n'kumizidwa, eni ake n'kuthawira m'kanyumba kam'mwamba komangidwa pansanamira. Safunsa adadya phula. Phunziro loyamba la mlendo pamalopa limayambira pachikwangwani chimenecho.

Mbiri ya chilumbachi ndi yakale. M'chaka cha 635 Aidan adachoka ku Iona atapemphedwa ndi Mfumu Oswald, nadzamanga nyumba ya amonke. Pambuyo pake padabwera Cuthbert, amene adakhala bishopu m'chaka cha 685, namwalira mu 687 pa kachilumba kapafupi ka Inner Farne. Anthu a kumeneko amasimba kuti iyeyu ankaletsa kupha abakha a m'nyanja otchedwa eider, ndipo mpaka lero abakhawo amawatchula ndi dzina lake. Mu 793 ankhondo a Viking adafunkha nyumba ya amonke ija, koma amwendamnjira sadaleke kupitako.

Boma lidalengeza mu 1964 kuti matope, mchenga ndi madambo ozungulira chilumbachi akhale malo otetezedwa. Chifukwa chachikulu chidali mbalame. Nyengo yozizira ikayandikira, atsekwe amauluka kuchokera ku Svalbard, kufupi ndi kumathero a dziko kumpoto, kudzadya udzu wa m'matope umene umaonekera madzi akaphwa. Galu mmodzi womasulidwa akhoza kuwabalalitsa onse, n'kuwatayitsa mphamvu zimene adasungira ulendo wobwerera.

Vuto ndi kuchuluka kwa anthu. Eni mudzi sakwana 200, pamene alendo amapitirira theka la miliyoni pachaka. Palibe mlonda angathe kulondola aliyense. N'chifukwa chake oyang'anira malowa adatsamira pa kuphunzitsa: zikwangwani zofotokoza, zingwe zotchingira zisa pamchenga, ndi anthu odzipereka amene amabwereketsa mlendo magalasi oonera patali kuti asayandikire mbalame.

Ineyo phunziro lidandipeza pathalauza. Nditatuluka m'milu ya mchenga, mayi wina wodzipereka adandiimitsa mwaulemu nandiloza kumiyendo. Sokosi zanga zidali zitadzaza tinjere tomata ngati chisoso. Adandiuza kuti chomeracho ndi pirri-pirri, kwawo ndi ku New Zealand, ndipo akuti chidabwera ndi ubweya wa nkhosa. Chimaphimba maluwa a m'deralo, ndipo amene amachifesa ndi alendo ndi agalu awo. Ndidakhala pansi n'kuthothola kamodzikamodzi, manyazi ali tho. Ndikadakwera basi osadziwa, ndikadakafesa kwina ine wodzitcha wokonda chilengedwe.

Koma kuphunzira sikuyenera mlendo yekha. Mu 2022 boma la Britain lidaganiza zoletseratu usodzi m'madzi ozungulira chilumbachi. Asodzi a nkhanu, amene makolo awo akhala akutchera mono kumeneko kwa mibadwo, adakana. Adati usodzi ukatha mabanja achinyamata asamuka, mudzi n'kusanduka malo ongojambulirapo zithunzi. Mu February 2023 boma lidasiya ganizolo.

Nkhani imeneyi imandikhudza chifukwa ntchito yanga ndi yolemba malamulo ndi makalata a boma. Tikakhala mu ofesi timaganiza kuti chidindo chikagunda papepala, nkhalango yatetezedwa. Pa Lindisfarne lamulo la 1964 likugwira ntchito chifukwa pali munthu woima panjira kufotokozera mlendo, ndipo la 2022 lidagwa chifukwa olilemba adachedwa kumva eni malo.

Madzulo a tsikulo woyendetsa basi adatiwerenga kawiri, nayang'ana wotchi yake. Titangowoloka ndidacheuka, ndipo madzi adali atayamba kale kukwawa m'mbali mwa msewu.