Nicodemus: Mudzi wa Anthu Omasulidwa

Abale athu otsogolera makalasi, tiyeni lero tione mbiri ya kamudzi ka Nicodemus. Kali m'cigawo ca Kansas, pakati pa dziko la America, m'cidikha ca udzu cosowa mitengo, pafupi ndi mtsinje wa Solomon.

Ukapolo utatha mu 1865, anthu akuda ambiri analibe munda waowao. Tsono mu 1877 mabanja ocokera ku Kentucky anasamukira kuno, popeza lamulo la 1862 linkapatsa munthu malo a mahekitala 65 akakhalapo ndi kulima zaka zisanu. Atafika, mitengo yomangira panalibe. Anakumba nyumba m'nthaka, napirira njala ndi cisanu coopsa. Koma onani: posacedwa anayamba kusonkhana kupemphera, ndipo anatsegula sukulu yoyamba m'boma lonse la Graham.

Mudzi unakula, masitolo ndi manyuzipepala awiri nkukhalapo. Tsoka linadza mu 1888, pamene njanji inalambalala mudziwo nidzera tsidya la mtsinje. Amalonda anatsata njanjiyo ku Bogue. Cilala ca zaka za m'ma 1930 cinabalalitsanso ena, kotero kuti kalembera wa 2020 anapeza anthu 14 okha basi.

Nanga mudziwo unafa? Iai. Mu 1996 boma linauika m'gulu la malo osungidwa a mbiri, ndipo caka ciriconse kumapeto kwa Julaye zidzukulu zimabwerako kudzakumbukira ufulu.

Tikawerenga nkhaniyi m'kalasi, tifunse ophunzira: kodi mudzi wao unayamba bwanji, ndipo adzaulembe ndani akuluakulu akapita?