Kuumba kwa 3D pa ntchito ya wojambula wodziimira payekha

Kuumba kwa 3D ndi luso lopanga chinthu pakompyuta chokhala ndi mulitali, mulifupi ndi msinkhu, moti munthu amatha kuchitembenuza n'kuchiona mbali zonse. Ojambula odziimira paokha, amene amadalira maoda a zikuto za mabuku, zotsatsa malonda ndi makomiki, amatenga lusoli ngati maziko a chithunzi. Amayamba aumba nyumba kapena galimoto, n'kutchera kamera ndi kuwala pomwe akufuna, kenako n'kujambula pamwamba pake ndi dzanja.

Nzeruyi si ya lero. Nicolas Poussin, wojambula wa ku France wa m'zaka za m'ma 1600, ankaumba tianthu taphula n'kutindandalika m'kabokosi kuti aone kumene mthunzi ukugwera. James Gurney, mwini buku la Dinotopia la mu 1992, nayenso amayamba waumba tizidole asanagwire burashi.

Phindu lenileni la kuumba kwa 3D limaoneka kasitomala akasintha maganizo. Wojambula wodziimira payekha alibe malipiro apamwezi. Kawirikawiri amagwirizana mtengo wa ntchito yonse isanayambe, ndiye tsiku lililonse lobwereza chithunzi limamudyera m'thumba. Kasitomala akati galimoto ionekere chakumbuyo, wodalira dzanja lokha amayambiranso, pomwe mnzake amene anaiumba kale amangosuntha kamera. N'chifukwa chake ojambula ambiri a makomiki a pa intaneti otchedwa webtoon ku South Korea, omwe amatulutsa gawo latsopano sabata ndi sabata, amakonda pulogalamu ya SketchUp: kalasi kapena msewu woumbidwa kamodzi umagwira ntchito mpaka nkhani kutha. Ku Japan, wojambula makomiki Hiroya Oku ankaumba pakompyuta malo ochitikira nkhani yake ya Gantz, yomwe inayamba kutuluka mu 2000.

Mapulogalamu ena, monga Cinema 4D ya kampani ya Maxon ya ku Germany, ndi olipira. Imene inatsegulira khomo ojambula ochepekedwa ndi Blender, yomwe anayambitsa ndi Ton Roosendaal wa ku Netherlands. Kampani yake itagwa mu 2002, anthu okonda pulogalamuyi anasonkha mayuro 100,000 m'masabata 7 okha kuti aiwombole, ndipo kuyambira chaka chimenecho ndi yaulere, ngakhale kwa woigwiritsa ntchito pa malonda. Kwa munthu amene mwezi wina umamudutsa popanda oda, zimenezi si zazing'ono.

Komabe chithunzi chongotsatira mizere ya kompyuta chimauma: anthu ake amaima njo, makoma amawongoka mopitirira muyeso. Wojambula waluso amapinda mzere dala, amakuza dzanja kapena diso, amafufuta zosafunika.

Palinso nkhani ya chilolezo. Ambiri amagula zoumbidwa kale pa malo a pa intaneti monga TurboSquid, koma zina mwa izo, makamaka zofanizira galimoto za makampani odziwika, siziloledwa pa zotsatsa malonda, ndipo wojambulayo ayenera kuwerenga malamulo a chilichonse asanapereke chithunzi kwa kasitomala.