Mishoni

Mukafunsa munthu wa ku Domasi kuti mishoni ili kuti, amakulozerani ndi chala: uko kuli tchalitchi cha CCAP ndi sukulu. Kwa ife mishoni ndi malo. Timati "mwana wanga amaphunzira ku mishoni."

Gwero la mawuwa ndi mneni wa Chilatini wotanthauza kutuma, ndiye poyamba ankanena za ntchito ya munthu wotumidwa. Mu 1884 mpingo wa Church of Scotland unatuma Alexander Hetherwick kuchokera ku Blantyre kudzakhala pakati pa Ayawo a mfumu Malemia, m'munsi mwa phiri la Zomba. Iye anaphunzira Chiyawo mpaka kulemba buku la chinenerocho, lomwe linatuluka mu 1889. Ana ankamva za Yesu m'kalasi momwe ankaphunziramo kuwerenga. Otumidwawo atamanga nakhazikika, dzina la ntchito yawo linagwera pamalopo.

Masiku ano achinyamata akunja amabwera kwa masabata awiri, kuimba ndi ana osauka, kugawa makope, n'kubwerera kwawo. Ulendowo nawonso amautcha mishoni. Ine ndimawalandira ndi manja awiri, koma chimandipweteka n'chakuti ambiri amanyamuka asanadziwe n'komwe kupereka moni m'Chiyawo kwa ana omwe awalalikira.