Mmene chithandizo cha ana onyentchera chinachokera m'wodi n'kufika pakhomo

Masiku ano mwana wonyentchera kwambiri akafika kusikelo, amayezedwa mkono, kupimidwa ngati mapazi atupa, kenako n'kupatsidwa chiponde pang'ono kuti alawe. Akadya bwino ndipo ngati alibe matenda ena aakulu, mayi amalandira mapaketi okwanira mpaka tsiku lodzabweranso, ndipo amabwerera kunyumba tsiku lomwelo. Chisanafike chaka cha 2000, mwana yemweyo akanagonekedwa m'chipatala pafupifupi mwezi wathunthu. Chimene chinasintha zinthu sichinali mankhwala atsopano, koma chakudya chosafuna madzi, chimene chinalola madokotala kusiya gawo lalikulu la chithandizo m'manja mwa mayi. Ntchito yambiri yotsimikizira njirayi inachitikira m'Malawi muno.

Dzina lochokera kwa amayi a ku Accra

M'chaka cha 1929 dokotala wina wamkazi wobadwira ku Jamaica, Cicely Williams, anapita kukagwira ntchito ku Gold Coast, dziko limene lero ndi Ghana. Kumeneko ankaona ana aang'ono akubwera otupa miyendo ndi nkhope, tsitsi litafiira ndi kupyapyala, khungu likusupuka, ndipo ambiri ankamwalira. Anazindikira kuti anali ana amene asiyitsidwa bere n'kumangodya phala la chimanga, komanso kuti ena ankachira akapatsidwa mkaka. Analemba za matendawa mu 1933, ndipo mu 1935, m'magazini ya zachipatala ya The Lancet, anawatchula dzina limene anthu olankhula chiyankhulo cha Ga ankagwiritsa ntchito, kwashiorkor. Dzinali limanena za matenda amene amagwira mwana wamkulu pamene mnzake wabadwa. Amayi a kumeneko anali ataona kale nthawi imene matendawa amayamba dokotala asanafike.

Amene anamutsutsa kwambiri anali Hugh Stannus, dokotala amene anagwirapo ntchito ku Nyasaland ndipo analemba za pellagra pakati pa akaidi a kundende ya Zomba. Pellagra amabwera chifukwa chosowa vitamini B3 mwa anthu odalira chimanga, ndipo nayenso amawononga khungu. Stannus ankaumirira kuti zimene Williams anaona zinali pellagra wa ana basi. Patapita zaka, madokotala anavomereza kuti Williams ndiye ankanena zoona.

Kuno kwathu mwana wotupa chotere ankanenedwa kuti ali ndi tsempho, kutanthauza kuti makolo alakwira mwambo wa m'nyumba. Banja likakhulupirira zimenezi limayamba lafuna chithandizo chachikuda, ndipo pofika kuchipatala mwana amakhala atafooka kale. Kuchedwa kumeneku ndi vuto limene njira zonse zotsatira zinayenera kulimbana nalo.

Zaka za mapuloteni

Mu 1952 bungwe la WHO linasindikiza lipoti la John Brock ndi Marcel Autret lonena za kwashiorkor mu Africa, ndipo kuyambira pamenepo ganizo linakhazikika loti gwero la vutoli ndi kusowa mapuloteni. Kwa zaka pafupifupi 20 mabungwe a United Nations anathira ndalama ndi nzeru pa kufunafuna zakudya za mapuloteni ambiri, monga ufa wa nsomba, soya ndi mkaka waufa. Mu 1974 Donald McLaren analemba mu The Lancet kuti ntchito yonseyo inasokera, chifukwa ana ambiri ankasowa chakudya chenichenicho, osati mapuloteni okha, ndipo ana owonda opanda kutupa ndiwo anali ochuluka.

M'zipatala namo zinthu sizinkayenda. Mu 1996 Claire Schofield ndi Ann Ashworth anasonkhanitsa zotsatira za m'mayiko ambiri ndipo anapeza kuti mwa ana 100 alionse ogonekedwa chifukwa chonyentchera kwambiri, 20 mpaka 30 ankamwalira, ndipo chiwerengerochi sichinatsike kuyambira m'ma 1950. Zina mwa imfazi zinkadza chifukwa cha chithandizo chenichenicho. Mwana wotupa ankapatsidwa mankhwala okodzetsa kuti madzi achoke. Ena ankapatsidwa zakudya za mapuloteni ambiri kapena mankhwala a ayironi tsiku loyamba lomwe, pamene chiwindi, mtima ndi impso zinali zisanabwerere mwakale. Ndiponso poti mwana wonyentchera satentha thupi ngakhale ali ndi matenda m'magazi, ambiri sankapatsidwa maantibayotiki.

Mu 1999 WHO inatulutsa buku la ndondomeko yokhala ndi mfundo 10, yoyambira pa kuteteza shuga kuti asatsike m'thupi ndi kufunditsa mwana kuti asazizidwe. Ndondomekoyi inkagwiritsa ntchito mikaka iwiri imene Michael Golden anathandiza kukonza. Wa F-75, wokhala ndi makalori 75 pa mamililita 100, ndi woyambira pamene thupi lili lofooka. Wa F-100, wokhala ndi makalori 100, ndi wobwezeretsa thupi mwana akayamba kufuna chakudya.

Vuto la madzi ndi mtunda

Mkaka wa F-100 unkagwira ntchito, koma unali ndi chilema chimodzi. Umafunika kusungunulidwa m'madzi aukhondo, ndipo ukangosungunulidwa mabakiteriya amaswana m'menemo m'maola ochepa. Kuupereka kwa mayi kuti akapangire kunyumba kopanda firiji, kumene madzi ake ndi a pachitsime, kunali kuika mwana pachiswe. Choncho mwana ankayenera kukhala m'wodi mpaka atanenepa, mayi ake ali pambali.

Kwa banja la kumudzi mtengo wake unali waukulu. Ana ambiri amanyentchera kuyambira Disembala mpaka Malichi, nkhokwe zitatha, ndipo imeneyi ndi nthawi yopalira ndi kubandira. Mayi wokhala m'chipatala milungu inayi ankasiya munda ukumera udzu ndi ana ena opanda owaphikira, kutanthauza njala ina chaka chotsatira. Amayi ambiri ankachoka mwana asanachire, ena sankabwera n'komwe kufikira mwana atatsala pang'ono kufa. M'mawodi odzaza, ana opanda chitetezo chokwanira ankapatsirana matenda otsegula m'mimba ndi chibayo, ndipo anamwino ochepa sakanatha kumwetsa aliyense mkaka maola atatu alionse usana ndi usiku.

Chakudya chopanda madzi

Cha m'ma 1996 dokotala wa ana wa ku France, André Briend, pamodzi ndi Michel Lescanne wa kampani ya Nutriset, anakonza chakudya chokhala ndi michere yofanana ndi ya F-100 koma chopanda madzi. Anasakaniza mtedza wosinja, mkaka waufa, shuga, mafuta, mavitamini ndi mchere wofunika m'thupi. Poti mulibe madzi, mabakiteriya sangaswane, sichifuna kuphika, ndipo mwana amadya kuchokera m'paketi momwemo. Paketi imodzi ya magalamu 92 imapereka makalori 500. Malonda ake analitcha Plumpy'nut, koma Amalawi atangochiona anachitcha chiponde, dzina la chakudya chimene ankachidziwa kale.

Funso linali lakuti kodi mwana angachire nacho ali kunyumba. Mu 2001 Mark Manary, dokotala wa ana wochokera ku Washington University ku St. Louis amene ankagwira ntchito ndi sukulu ya udokotala ya College of Medicine, anayesa zimenezi pa ana 282 otulutsidwa kuchipatala cha Queen Elizabeth mu Blantyre. Mwa ana amene anapatsidwa chiponde chokwanira, 95 pa 100 alionse anafika pa sikelo yofunika, poyerekeza ndi 78 mwa amene anapatsidwa ufa wa chimanga ndi soya kapena chiponde chochepa chongowonjezera. Kafukufuku wachiwiri, wa ana 1,178 m'zipatala 7 za ana onyentchera, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2005, anayerekeza chithandizo cha kunyumba ndi cha masiku onse. Kunyumba anachira 79 pa 100 alionse, pamene mwa njira yakale anachira 46. Obwereranso kudwala kapena kumwalira anali 8.7 pa 100 kunyumba, ndi 16.7 mwa njira yakale. Mu 2004 bungwe la Project Peanut Butter linakhazikitsidwa kuti chiponde chizipangidwa m'dziko momwe muno ndi mtedza wa alimi athu.

Nthawi yomweyo mbali ina ya ntchitoyi inkachitika m'chigawo chapakati. Pa njala ya 2002, mabungwe a Valid International, motsogozedwa ndi Steve Collins, ndi Concern Worldwide anagwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo kuyambitsa chithandizo cha m'madera m'boma la Dowa. Iwo anasintha kagawidwe ka ana. M'malo mogoneka aliyense wonyentchera kwambiri, anayamba kugoneka okhawo amene akukana kudya kapena ali ndi matenda ena aakulu, ena onse n'kumalandira chiponde pachipatala chaching'ono chapafupi. Alangizi a zaumoyo ndi anthu odzipereka ankayenda m'midzi ndi tepi yoyezera mkono kuti apeze ana msanga. Amayi ataona ana a anzawo akuchira popanda kugonekedwa, anayamba kubwera okha mwana asanafooke. Mu 2006 boma linavomereza njirayi kuti ifalikire m'dziko lonse, ndipo mu 2007 WHO, UNICEF, WFP ndi komiti ya United Nations yoona za kadyedwe anailengeza kuti ndiyo yoyenera padziko lonse.

Zimene chiponde sichinathetse

Kafukufuku wa pambuyo pake anaonetsa malire a njirayi. Mu 2013 Indi Trehan ndi anzake anafalitsa zotsatira za ana 2,767 a m'midzi ya m'Malawi amene ankalandira chiponde kunyumba. Ena anapatsidwa amoxicillin kwa masiku 7, ena cefdinir, ena mankhwala ongoyerekezera opanda mphamvu. Omwalira anali 4.8 pa 100 m'gulu loyamba, 4.1 m'gulu lachiwiri, ndi 7.4 m'gulu lachitatu. Mwana wooneka ngati alibe matenda ena angathe kukhala ndi mabakiteriya obisika, n'chifukwa chake amoxicillin amaperekedwa pamodzi ndi chiponde.

Ana amene amafunikabe kugonekedwa ndiwo ali pangozi yaikulu. Marko Kerac ndi anzake anatsatira ana 1,024 amene anagonekedwa m'wodi ya Moyo ku Queen Elizabeth mu 2006 ndi 2007, ndipo anapeza kuti 42 pa 100 alionse anamwalira ali m'chithandizo kapena atatuluka kale, ambiri mwa iwo anali ndi HIV. Opulumukawo atayezedwanso patapita zaka 7, anapezeka kuti anali afupi ndi a manja ofooka poyerekeza ndi abale awo ndi anzawo a m'mudzi. Kutuluka m'pulogalamu ya chiponde sikutanthauza kuti ngozi yatha.

Funso la Williams nalonso likufufuzidwabe. Ana awiri a nyumba imodzi, odya mbale imodzi, mmodzi amatupa mnzake ayi. Golden anaganiza kuti chifukwa chake ndi kuchepa kwa michere yoteteza maselo kuti asaonongeke, koma kafukufuku wa 2005 wopatsa ana a m'Malawi michere yotereyi sanachepetse kwashiorkor. Mu 2013 magazini ya Science inafalitsa zotsatira za magulu 317 a ana amapasa a m'Malawi. Ofufuza anatenga tizilombo ta m'matumbo mwa mwana wotupa ndi mwa mnzake wabwino n'kutiika mu mbewa za mu labotale zobadwa zopanda tizilombo. Atazidyetsa chakudya chofanana ndi cha m'midzi yathu, mbewa zimene zinalandira tizilombo ta mwana wodwala ndizo zinawonda kwambiri. Zimenezi zikusonyeza kuti chakudya ndi tizilombo ta m'matumbo zimagwirira limodzi poyambitsa matendawa.

Palinso mavuto a tsiku ndi tsiku. Chiponde ndi chokwera mtengo, makamaka chifukwa cha mkaka waufa, ndipo gawo lalikulu limagulidwa ndi ndalama za mabungwe othandiza, kotero thandizo likachepa zipatala zimasowa. M'nyumba ya njala n'kovuta kuti mayi adyetse mwana mmodzi abale ake akuyang'ana, ndipo mapaketi ena amathera pamsika. Komanso chiponde chimachiza kuwonda ndi kutupa, koma sichibweza msinkhu umene watayika. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka 5 anali opinimbira, vuto limene limayamba mwana ali m'mimba ndipo limafuna kadyedwe kabwino ka mayi, kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6, phala lonona ndi madzi aukhondo.

Kwa wophunzira zachipatala amene adzatumizidwa kuboma, mbiriyi ili ndi tanthauzo pa ntchito yake. Ana anayamba kupulumuka ochuluka pamene chithandizo chinapangidwa molingana ndi moyo wa banja, ndipo chimene chimasiyanitsa mwana wochira kunyumba ndi wogonekedwa nthawi zambiri ndi tsiku limene wapezeka. N'chifukwa chake m'madera ambiri tepi yoyezera mkono tsopano imaperekedwa kwa amayi eni ake. Mwana wa miyezi 6 mpaka 59 amene mkono wake sukwana masentimita 11.5, kapena amene mapazi ake onse awiri amatsala ndi chibowo akadinidwa ndi chala kwa masekondi atatu, ayenera kufika kuchipatala tsiku lomwelo, akadali ndi chilakolako cha chakudya.