Nyumba Yaikulu ya Miyala ya ku Likoma

Tikaima pa gombe la Cobue m'mawa, nyanja ili bata, timaona cilumba ca Likoma patsogolo pathu. Timaona milambe yake ndi zitunda zake za miyala. Pa cilumba cimeneco pali nyumba imodzi yoposa zonse kukula. Nyumbayo ndi chalichi ca Petro Woyera ca mpingo wa Anglican.

Ambiri a ife tinalowamo kale. Ena tinapita pa ukwati wa mbale wathu. Ena tinapita kukamva makwaya. Ena tinangosuzumira pocokera ku cipatala. Koma kodi tikudziwa mbiri yake? Inamangidwa liti? Anaimanga ndani? Nanga cifukwa ciani nyumba imene timaiona tili kwathu ili m'dziko lina? Tiyeni tiwerenge pamodzi.

Masiku a mantha

Kale, zaka za m'ma 1800, makolo athu a m'mbali mwa nyanja analibe mtendere. Magulu a nkhondo a Angoni anali kutsika kucokera kumpoto, kutentha midzi ndi kulanda cakudya. Amalonda a akapolo anali kugwira anthu ndi kupita nao ku nyanja ya mcere. Anthu anamanga malinga pafupi ndi madzi. Ena anakwera mabwato nathawira ku zilumba za Likoma ndi Chizumulu, kumene adani sakanafika msanga.

M'caka ca 1859 David Livingstone anafika pa nyanja yathu. Mau ake onena za ukapolo anamveka ku England, ndipo kunabadwa bungwe la amishoni la UMCA. M'caka ca 1882 amishoni awiri, William Johnson ndi Charles Janson, anafika pa gombe lathu lino atayenda pansi ulendo wautali. Janson anadwala namwalira pa Chia caka comweco. Johnson anatsala, ndipo anagwira nchito m'mbali mwa nyanja kufikira imfa yake m'caka ca 1928.

Amishoni anafuna malo otetezeka. Anaona kuti Likoma ndi pabwino. Koma sanangokhalapo okha. Anayamba apempha kwa Mfumu Chiteji, amene mudzi wake unali kutsidya kuno. Mfumu inalola, ndipo m'caka ca 1885 mishoni ya Likoma inayamba. Tisaiwale mfundo iyi. Pa nthawi imeneyo cilumba ndi gombe lathu zinali dziko limodzi, la anthu amodzi.

Malire a pa pepala

M'caka ca 1891 Angelezi ndi Apwitikizi anagawana maiko a kuno. Anapangana ali ku Ulaya. Makolo athu sanafunsidwe. Gombe lathu analipereka kwa Apwitikizi. Likoma ndi Chizumulu zinakhala m'manja mwa Angelezi, cifukwa amishoni ao anali atakhazikika kale pamenepo. Ndiye cifukwa cake lero zilumba ziwirizi ndi za Malawi, ngakhale zazingidwa ndi madzi a Moçambique.

Malirewo anadutsa pakati pa mabanja. Mlongo anakhala wa dziko lina, mcimwene wa dziko lina. Koma bwato silinaleke kuoloka. Ciyankhulo cinakhala cimodzi, maukwati anapitirira, maliro tinalirabe pamodzi.

Kumanga nyumba

Malo amene anasankha anali ndi dzina loopsa: Chipyela. Pamenepo anali kutentherapo anthu amene anawaganizira kuti ndi mfiti. Amishoni anafuna kuti malo a imfa asanduke malo osonkhanapo amoyo. Ku Zanzibar anacitanso cimodzimodzi. Kumeneko anamanga chalichi pamene panali msika wa akapolo.

Mwala woyamba unaikidwa mu Januwale 1903. Amene anajambula nyumbayi ndi kuyang'anira nchito anali Frank George. Pa 29 Setembala 1905 Bishopu Gerard Trower anaitsegula, ndipo anthu anayamba kupempheramo. Nchito yotsala inapitirira, ndipo m'caka ca 1911 nyumba yonse inapatulidwa.

Mabuku amachula kwambiri maina a Azungu awa. Koma munthu mmodzi sangamange nyumba yotalika pafupifupi mamita 100. Taganizani za nchitoyo. Panalibe galimoto. Panalibe makina onyamulira katundu. Miyala anaiphwanya pa cilumba pomwepo ndi nyundo. Ku Likoma mitengo yomangira ndi yocepa, cotero matabwa ndi zipangizo zina zinacokera ku mtunda, kuoloka nyanja. Simenti, zitsulo ndi magalasi zinacokera ku England. Zinakwera mtsinje wa Zambezi ndi wa Shire, kenaka zinalowa m'nyanja pa sitima.

Katundu yense ameneyu anatsitsidwa pa gombe ndi manja a anthu. Anakwera citunda pa mitu ndi pa mapewa a anthu. Amene anasema miyala, amene anaceka matabwa, amene anatunga madzi, anali anthu a pa nyanja ino. Pa nchito imeneyi ambiri anaphunzira umisiri. Anasanduka amisiri a miyala ndi a matabwa, ndipo anakamanga nyumba zina kwina. Cotero tikamayang'ana makoma aja, tikuyang'ana thukuta la makolo athu.

Zimene timaona tikalowa

Nyumbayi inamangidwa ngati mtanda. Kutsogolo kuli nsanja ziwiri. Denga lake ndi la malata. Munthu akalowa kucokera pa dzuwa, amamva kuzizira bwino, cifukwa makoma ndi ocindikala. Mazenera ena ali ndi magalasi a mitundumitundu. Dzuwa likawomba, mitunduyo imagwera pansi ndi pa nkhope za anthu.

Pafupi ndi guwa pali mipando ya oimba yosemedwa ndi mwala wofewa. Yang'anani bwino zokongoletsa zake. Mulinso mtanda wa mtengo wocokera kwa Chitambo, ku Zambia. Kumeneko ndi kumene Livingstone anamwalira m'caka ca 1873, ndipo anzake a paulendo anakwirira mtima wake pansi pa mtengo. Kunja kuli makonde aatali a mthunzi, kumene anthu amakhala poyembekeza mwambo.

Alendo ocokera kutali amadabwa. Amafunsa kuti, nyumba yaikulu cotere pa cilumba cacing'ono? Yankho ndi lakuti sinamangidwire anthu a ku Likoma okha. Inali likulu la midzi yambiri ya m'mbali mwa nyanja. Kwa zaka zambiri machalichi a ku Messumba, Chia, Ngoo ndi Cobue anali pansi pa bishopu wa ku Likoma. Sitima za mishoni, Charles Janson ndi Chauncy Maples, zinali kuyenda mudzi ndi mudzi, kunyamula aphunzitsi, mabuku ndi odwala.

Tsiku la ukwati

Nyumba yaikulu imakoma ikadzaza anthu. Pa Sabata makwaya amaimba, ndipo mau amabwerera kucokera ku makoma ngati oimba awirikiza. Pa 29 Juni pamakhala tsiku la Petro Woyera, msodzi uja amene dzina lake linapatsidwa ku nyumbayi. Pamene akudzoza ansembe, kapena pa maliro a munthu wodziwika, anthu amabwera ndi mabwato kucokera mbali zonse.

Koma ambiri timakumbukira tsiku la ukwati. Ukwati suyambira m'chalichi. Umayambira kumudzi, pamene ankhoswe a mbali ziwiri akhala pansi ndi kugwirizana. Kenaka maina a mnyamata ndi mtsikana amalengezedwa masabata atatu, kuti amene akudziwa coletsa anene. Tsiku likafika, mkwati ndi mkwatibwi amayenda pang'onopang'ono kucokera pa khomo kufikira kuguwa. Njirayo ndi yaitali, ndipo amai amaululuza. Akatuluka, cikondwerero cimapitirira kumudzi ndi nsima, nsomba ndi magule. Cioda ca amai ndi mganda wa abambo timazidziwa tsidya lino ndi tsidya ilo lomwe.

Pali kanthu kena kamene kamacitika pa tsikulo. Mwambo ukatha, wansembe amatsegula buku lalikulu la maukwati. Mkwati, mkwatibwi ndi mboni amalemba maina ao. Amene sadziwa kulemba amadinda cala, kapena amajambula kamtanda, ndipo wina amamulembera dzina. Ambiri a ife tinacita cotero pa ukwati wathu kapena wa ana athu. Palibe manyazi pamenepo, cifukwa sukulu sitinaikane ndife. Koma tsopano tikuphunzira. Tsiku lina tidzaitanidwa kukhala mboni pa ukwati wa mdzukulu. Tidzagwira colembera ndi kulemba dzina lathu ndi dzanja lathu.

Nyumba ya mabuku

Ife amene tikuphunzira kuwerenga tili ndi cifukwa cina cokumbukira Likoma. Pa mishoni imeneyi panali makina osindikizira mabuku. Mabuku ambiri oyamba a m'Cinyanja ca kunyanja anacokera pamenepo. Johnson, mothandizana ndi aphunzitsi a kuno, anamasulira Baibulo m'ciyankhulo cathu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 sukulu ya aphunzitsi ya St Michael's inali kuno ku Cobue, isanasamukire ku Likoma.

Ena mwa ophunzira a mishoni anakhala anthu odziwika. Leonard Kamungu, wa ku Chia, anakhala wansembe, napita kukagwira nchito ku Msoro, ku Zambia, kumene anamwalira m'caka ca 1913. Yohana Abdallah, wansembe wa ku Unango, analemba buku la mbiri ya Ayao limene linatuluka m'caka ca 1919. Josiah Mtekateka, mwana wa ku Likoma, anakhala bishopu m'caka ca 1965. Iye anali munthu wakuda woyamba kulandira udindo umenewu mu mpingo wa Anglican ku Malawi.

Komabe tinene zoona zonse. Sukulu zimenezi sizinafikire aliyense. Tsidya lino, pansi pa Companhia do Niassa, imene inalamula kufikira 1929, ndi pansi pa boma la atsamunda pambuyo pake, anthu anali pa msonkho ndi pa cibalo. Ana ambiri anakula osaona bolodi.

Pothawira

Mu Setembala 1964 nkhondo yomenyera ufulu inayamba, ndipo Cobue anali amodzi mwa malo oyamba kumva mfuti ku Niassa. Asilikali a atsamunda anabwezera ukali wao pa midzi. Anthu zikwi anaoloka nyanja nathawira ku Likoma, monga anacitira makolo ao pa nthawi ya Angoni. Abale a pa cilumba anawalandira, ngakhale minda yao ndi yocepa ndipo nthaka ndi ya miyala.

Ufulu unabwera pa 25 Juni 1975. Koma pambuyo pake kunabuka nkhondo ina, ya pacibale, imene inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Anthu anathawanso. Ana ena a ku Cobue anabadwira ku Likoma, anabatizidwa kumeneko, ndipo ena anakwatira m'nyumba yomwe ija ya miyala.

Nkhondo siisiya nyumba. Chalichi cacikulu ca Akatolika ca pa Cobue cinaonongeka m'zaka zimenezo, ndipo cinakhala nthawi yaitali copanda denga. Tonse tinaona mmene mvula ndi dzuwa zimadyera khoma losafoleredwa. Nyumba ya ku Likoma yaima zaka zoposa 100 cifukwa nkhondo sinafikeko, ndiponso cifukwa anthu akhala akukonza denga ndi makoma ake mbadwo ndi mbadwo.

Tikafuna kukaona

Ulendo wocokera ku Cobue ndi waufupi, makilomita ocepa cabe. Koma nyanja ndi nyanja. Miyezi ya Juni ndi Julayi mwera umaomba kwambiri, cotero ndi bwino kunyamuka m'mamawa ndi kumvera eni boti. Tisadzaze boti mopitirira. Tikumbukenso kuti tikulowa m'dziko lina. Tinyamule mapepala athu ndi kuonekera kwa a malire popita ndi pobwera.

Tikafika, tipemphe kwa oyang'anira tisanalowe. Tivule zipewa, tiyankhule motsitsa. Tisalembe pa makoma. Munthu wa mpingo uliwonse, Msilamu, kapena wosapemphera, akhoza kuona nchito ya manja a makolo ndi kuilemekeza. Titenge ana athu. Tiwaonetse miyala ndi kuwafunsa kuti, mwala uwu unafika bwanji pamwamba apo? Ndipo ife eni ake tiyese kuwerenga maina ndi zaka zolembedwa pa makoma. Kale tinali kungodutsa. Tsopano zilembozo zikhoza kutiuza nkhani.

Tikabwerera, tiyang'ane za kwathu. M'mudzi uliwonse muli malo osonkhanira: sukulu, chalichi, mzikiti, nyumba ya misonkhano, kapena mtengo waukulu wa pa bwalo. Akuluakulu amene akudziwa amene anamanga ndi amene anabzala akali moyo, koma sadzakhala nafe nthawi zonse. Tiwafunse lero, ndipo tilembe mainawo m'makope athu.

Mafunso okambirana

1. Kodi amishoni anapempha kwa yani kuti akhale pa Likoma? Cinali caka citi?
2. Cifukwa ciani Likoma ili m'dziko la Malawi?
3. Dzina lakuti Chipyela likutikumbutsa ciani?
4. Chulani nchito zitatu zimene anthu a kunyanja anagwira pomanga nyumbayi.
5. Ndi nyumba iti yakale m'mudzi mwanu imene anthu amasonkhanamo? Anaimanga ndani? Ikufunika kukonza pati?

Nchito yolemba

Lembani dzina lanu lonse katatu, monga mudzalembera m'buku la ukwati. Pansi pake lembani zaka izi ndi cimene cinacitika: 1885, 1891, 1903, 1905, 1964, 1992.