Mtengo wa Kuyang'anira: Mbiri ya Kontirakitala Wamkulu ku Britain

Kufikira kumapeto kwa zaka za m'ma 1700, munthu wofuna kumanga kapena kukonzanso nyumba ku England kawirikawiri sankapereka ntchito yonse m'manja mwa munthu mmodzi, koma ankapangana payekhapayekha ndi wosema miyala, woyala njerwa, kalipentala, wopaka pulasitala, woika magalasi ndiponso pulambala, amene masiku amenewo ankagwira ntchito ndi mtovu wa padenga ndi wa m'mapaipi. Aliyense wa amisiriwa anali bwana pa luso lake, ndipo ankabwera ndi antchito ake komanso anyamata ophunzira. Udindo woona kuti wina asatsekereze mnzake unkagwera mwini nyumba kapena katswiri wojambula mapulani, amene mwa mwambo umene unadzakhazikika ankalandira 5 peresenti ya ndalama zonse zomangira.

Christopher Wren, amene anajambula mapulani a tchalitchi chachikulu cha St Paul's moto wa mu 1666 utapsereza London, analongosola m'kalata ya mu 1681 njira zitatu zolipirira amisiri: kulipira pa tsiku, kulipira poyeza ntchito imene yachitika, ndi kupangana mtengo umodzi ntchito isanayambe. Iye anakonda njira yoyeza, chifukwa anaona kuti mmisiri amene watchula mtengo umodzi pa ntchito imene sanaizolowere, akazindikira kuti waluza, amayamba kugwira mwachinyengo kuti adzipulumutse. Komabe kuyezako kunali ndi chilema chake, popeza khoma likatha mwini nyumba ankabweretsa woyeza wake, mmisiri nayenso wake, awiriwo n'kumakangana pa njerwa ndi matabwa, moti mtengo weniweni wa nyumba unkadziwika denga litafoleredwa kale.

Chimene chinagwedeza dongosololi chinali nkhondo ya Britain ndi France ya pakati pa 1793 ndi 1815, pamene boma linafuna nyumba zambiri za asilikali mwamsangamsanga ndipo linalibe nthawi yopangana ndi amisiri mmodzimmodzi, kotero kuti anthu ngati Alexander Copland anayamba kutenga ntchito yathunthu n'kudzipezera okha amisiri a mitundu yonse. Koma dzina limene limatchulidwa kwambiri ndi la Thomas Cubitt, mwana wa kalipentala wa ku Norfolk, amene anabadwa mu 1788 ndipo anapeza mpamba wake atapita ku India ngati kalipentala wa m'sitima ya pamadzi. Mu 1815 Cubitt anatenga ntchito yomanga London Institution ku Finsbury Circus pa mgwirizano wokhala ndi chindapusa ngati nyumbayo ikanachedwa, ndipo poona kuti sakanatha kulonjeza tsiku lomaliza akudalira amisiri amene sankamvera iye, anawalemba ntchito onse pansi pake n'kukhazikitsa malo ogwirira ntchito ku Gray's Inn Road. Pambuyo pake anamanga mbali yaikulu ya Belgravia ndi Pimlico, komanso Osborne House ya Mfumukazi Victoria. Chofunika pa nkhani yake n'chakuti chimene mwini nyumba anayamba kugula kwa kontirakitala wamkulu sichinali luso la manja, pakuti luso linalipo kale, koma lonjezo la mtengo ndi la tsiku, pamodzi ndi munthu mmodzi womuloza chala zinthu zikalakwika.

Si onse anakondwera nazo. Pamene komiti ya Nyumba ya Malamulo inkafufuza za nyumba za boma mu 1828, akatswiri ena a mapulani anadandaula kuti mtengo umodzi umakopa kontirakitala kuti afinye amisiri ndi kusankha zipangizo zotchipa, ndipo mu 1833 omanga a ku Liverpool ndi Manchester ananyanyala ntchito pokana dongosolo limene kwa iwo linkaika mkhalapakati wodya thukuta la ena. Dandaulo lawo silinali lopanda pake, koma silinaletse kanthu, chifukwa Nyumba ya Malamulo itapsa mu 1834 gawo lalikulu la ntchito yoimanganso linapita kwa kampani ya Grissell ndi Peto. Oyeza akale aja nawo anasintha ntchito, n'kuyamba kuwerengera zipangizo kuchokera pa mapulani ntchito isanayambe, kuti makontirakitala opikisana pa tenda atchule mitengo pa mndandanda umodzi. M'dongosolo limeneli malipiro a kuyang'anira sankaoneka paokha, popeza ankamwazidwa m'mitengo ya njerwa, laimu ndi matabwa.

Malipirowa anadzaonekera poyera pamene magetsi, zotenthetsera m'nyumba ndi zikepe zinafika, chifukwa ntchito zoterezi zinkafuna makampani apadera, amene nthawi zambiri ankasankhidwa ndi mwini nyumba kapena katswiri wake. Kontirakitala wamkulu anapatsidwa anthu amene sanawasankhe koma ankayenera kuwayang'anira, ndipo anayamba kulemba mzere wapadera wotchedwa profit and attendance, kutanthauza phindu lake pamodzi ndi mtengo wa zimene amawapatsa anthuwo pamalo a ntchito, monga nsanja zokwerapo, madzi, magetsi, posungira zida, chimbudzi ndi kuchotsa zinyalala. Bungwe la Joint Contracts Tribunal, limene linakhazikitsidwa mu 1931 kuti lizilemba mapangano ofanana a ntchito zomanga, linalola m'pangano lake la mu 1963 kuti kontirakitala azisunga 2.5 peresenti ya ndalama za kampani yosankhidwayo ngati wailipira pa nthawi yake. Koma funso lakuti ndani alipire kampani yotere ikachedwa kapena ikagwa linadzetsa milandu yochuluka, moti mu 2005 bungweli linachotsa njira imeneyi m'mapangano ake akuluakulu.

Pa ntchito zing'onozing'ono zokonzanso nyumba, nkhani yakaleyi ikadalipo, ndipo imavuta kuposa pomanga nyumba yatsopano, chifukwa palibe amene amadziwa zimene zili kuseri kwa khoma lakale mpaka ataligumula. Mwini nyumba akabweretsa wa zamagetsi wake kapena womuikira khitchini, amayembekeza kupulumutsa ndalama zimene kontirakitala akanawonjezera pamwamba, ndipo amadabwa akapatsidwa mtengo wa kuyang'anira, umene ena amauwerengera pa peresenti ya ntchito ya mmisiriyo, ena pa masiku. Zimene ndalamazo zimagula zimaoneka bwino pa khoma limodzi: wa zamagetsi ayenera kugoba mizere ndi kuika mawaya pulasitala asanapakidwe, pulasitalayo ayenera kuuma wopenta asanafike, ndipo wa zamagetsi akachedwa masiku awiri, wopaka pulasitala amapita ku ntchito ina, mwina osabwerera mpaka sabata zitatu zitadutsa, pamene nsanja yobwereka ikulipiridwabe. Kuwerengera pa peresenti kuli ndi chofooka chake, pakuti kabati yodula sivuta kuyang'anira kuposa yotchipa, ndipo apa mwini nyumba ali ndi chifukwa chomveka chokanira. Koma kuyembekeza kuti kontirakitala asenze kuchedwa kwa munthu amene sanamulembe, amene sangathenso kumuchotsa ntchito, n'kufuna lonjezo la Cubitt popanda mphamvu zimene zinachititsa lonjezolo kukhala lotheka.

Lamulo nalonso linalowererapo. Malamulo a chitetezo pa ntchito zomanga a mu 2015, odziwika ndi dzina lakuti CDM, amanena kuti pa nyumba ya munthu wamba pakakhala makontirakitala oposa mmodzi, ndipo mwini nyumba sanasankhe wamkulu, amene akuyendetsa ntchito yomangayo ndiye amasenza udindo wa chitetezo cha onse ogwira ntchito pamalopo, ngakhale amene iye sanawalembe.