Njanji Idathera pa Salima

Mu 1935 sitima ya pamtunda idafika ku Salima, koma anthu a ku Benga adangoimvera mbiri, poti njanji idathera pomwepo. Chaka chomwecho atsamunda adatsegula mlatho wa Dona Ana pa mtsinje wa Zambezi, wotalika makilomita oposa 3, kuti katundu wa Nyasaland azikafika ku doko la Beira mosavuta.

Powerengera phindu la ntchitoyi, akuluakulu a ku London adaganiziranso mafakitale awo a zitsulo omwe ankasowa misika. Katundu woyenda pa njanji sadachuluke monga ankayembekezera, ndipo ngongole idalemera boma la Nyasaland, lomwe linkadalira msonkho wa nyumba. Motero msodzi wa ku Benga adalipirako njanji yosafika kwawo, uku sukulu ndi zipatala zikuperewera.

Mbiriyi itichenjeze poyeza phindu la msewu wa M5 wodutsa pa Benga. Tisawerenge matani a shuga wa ku Dwangwa okha. Tifunsenso ndalama zimene mlimi wa mpunga amalipira kuti thumba lake lifike pamsika, pakuti ngongole ya msewu adzabweza nawo.